Chaka Chimene Abambo Anaona Fodya Wachikasu

Kwa Wimbe, Kasungu
9 Febuluwale 2025

Wokondedwa mng'ono wanga Sellah,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ku Ireland ndi kuzizira kwanuko. Ife kuno tadzuka, ana ali bwino. Mvula ikugwa tsiku ndi tsiku moti msewu wa kudambo waduka.

Usadabwe kuona kalata ya pamanja. Kafoni kanga kanagwera m'chitsime, ndiye pakhomo pano yatsala foni imodzi, ya alamu ako a Lucious. Ine zobayabaya pagalasi zija sindizitha. Ndizilemba papepala, iwo azijambula n'kukutumizira akapita pa Wimbe pamene netiweki imagwira. Ukayankha azitiwerengera.

Nkhani ndi ya abambo. Monga unamva, mwezi watha tinagona nawo kuchipatala cha mishoni, miyendo itatupa ngati mitondo, kupuma kukuvuta. Adokotala anati mtima wafooka ndipo ukugunda mosalongosoka. Anatipatsa mankhwala amitundu iwiri. Pali kapiritsi kakang'ono koyera, papaketi alemba digoxin, kamodzi m'mawa. Ena ndi a madzi, okodzetsa aja. Amenewo abambo awapatsa dzina loti akapitawo, akuti chifukwa salola munthu kukhala pansi.

Mankhwalawo agwira. Miyendo yaphwa, nsapato za kutchalitchi zikulowa. Vuto ndi loti munthu wapeza mphamvu, ndiye wabwerera kumunda. Tikuthyola fodya, ndipo iwo ndiwo oyamba kulowa m'mizere mame asanaume. Pofika masana akusanza, chizungulire chili tho. Koma zimenezo usade nazo nkhawa, ndi fodya. Iwenso ukukumbuka mmene unkasanzira uli kamtsikana tikathyola masamba onyowa. Lachinayi tinasanza tonse, ine, iwo ndi mayi wina waganyu.

Ine kuwaletsa ndalephera. Chimwalirireni amayi, munthu amene amamumvera ndiwe. Uwalembere. Ndipo ngati kungatheke utithandize tiwagulire renikoti ndi majombo.

Ndine mkulu wako,
Fainala

Limerick
12 Febuluwale

Achemwali,

Kalata yanu ndailandira. Ndinaikulitsa pafoni n'kumangoyang'ana zilembo zanu, sizinasinthe chichokereni kusukulu. Moni kwa abambo, kwa alamu ndi kwa ana. Ine ndili bwino. Za renikoti ndatumiza kudzera kwa alamu.

Kalata iyi ndaiyamba kangapo n'kufufuta. Ndimagwira ntchito m'wodi ya odwala mtima, tsiku lonse ndimauza anthu achilendo zochita, koma kuuza abambo anga ndikuchita manyazi. Ndili kutali, sindinawaone, sindinagwire mkono wawo. Amene munagona pansi pafupi ndi bedi lawo ndinu. Komabe pali zinthu zimene ndikapanda kunena sindipeza mtendere.

Kapiritsi koyerako ndi kabwino koma n'kaukali. Mlingo wochiritsa ndi mlingo wopweteka zinayandikana kwambiri. M'mawa uliwonse asanamwe, ikani zala ziwiri pamkono pawo, m'munsi mwa chala chachikulu, muwerenge kugunda kwa mtima kwa mphindi yathunthu. Mukapeza kuti sikunakwane 60, tsiku limenelo asamwe, mupite nawo kuchipatala. Mapiritsi a madziwo amataya mchere wina wa m'thupi limodzi ndi mkodzo, ndipo mcherewo ukachepa kapiritsi koyera kamalusa. Azidya nthochi, nyemba ndi masamba. Asamwe mankhwala ena musanafunse achipatala.

Za kusanza ndikugwirizana nanu, ndi fodya wonyowa. Koma ululu wa fodyawo umalowera pakhungu n'kukafika kumtima komweko. Chonde asalowenso m'mizere.

Panali zina zimene ndinalemba koma ndachotsa, kalata inatalika ngati ulaliki. Alamu, mukamawerenga mufewetse mawu, asamve ngati ndikuwalamula.

Mng'ono wanu,
Sellah

Kwa Wimbe
2 Malichi

Sellah mwana wanga,

Ndine bambo wako. Akulemba ndi Fainala, ndamuuza alembe momwe ndikunenera, asakonze.

Moni. Malamulo ako anafika, mkamwini anatiwerengera pakhonde ndi mawu a m'busa. Ndamva kuti kumeneko azungu umawagwira mikono n'kumawawerengera mtima. Chabwino. Ine mtima wangawu ndinali nawo iwe usanabadwe, ndipo sunandipemphepo kuti ndiuwerenge.

Koma ndamvera. Kumunda ndasiya, kusanza kwatha, ndiye apo wapambana. Renikoti akuvala ndi mkamwini, ikumukhala bwino. Nthochi ndikudya ngati pusi. Mkulu wakoyu m'mawa amandigwira mkono, nkhope itaopsa, milomo ikuyendayenda, kenako amalengeza kuti 72. Wotchi yake ndi foni ija. Ikachoka ndi mwini wake, tsiku limenelo mtima wanga umapuma ku mayeso.

Tsono nawenso undimvere. Munthu sangakhale pakhonde kumangolondera nkhuku. Fodya akauma m'chigafa, kusankha ndi kwanga. Ndi ntchito yokhala pansi, mulibe mame, mulibe dzuwa. Kuyambira ndili mnyamata pa esiteti ndakhala ndikusankha masamba, ofiira paokha, owala paokha, akuda paokha, ndipo belo langa silinabwezedwepo ku okushoni chifukwa chosakaniza. Mkamwini ndi wolimbikira, zimenezo sindikana, koma maso a fodya alibe. Fainala akukana kulemba pamenepa, ndamuuza alembe.

Ubwera liti? Usandiyankhe kuti Disembala, chaka chatha unatero.

Bambo wako

Sellah, ndawonjezera ine Fainala. Alamu ako aiona kalatayi pojambula. Ndawauziratu kuti ndi nthabwala za nkhalamba, koma ukuwadziwa, amasunga.

Kwa Wimbe
6 Epulo

Sellah,

Moni. Wakhala chete, kapena ntchito yachuluka? Yankho lako lija lovomera kuti abambo azisankha fodya linawasangalatsa. Anauza aliyense kutchalitchi kuti namwino wa ku Ulaya wawapatsa chilolezo.

Tayamba kusankha. Amalowa m'shedi m'mawa masamba akadali ofewa, amatuluka madzulo tsitsi lili fumbi lokhalokha. Fumbilo lawapatsa chifuwa, monga limachitira ndi aliyense nyengo ino. Ana nawonso akutsokomola. Miyendo sinatupenso, ndipo mankhwala akumwa osadumphitsa.

Ndikuuze zoona, kuwerenga kuja ndikuchita mwa apo ndi apo. Alamu ako akuyendayenda ndi za kalabu ya alimi, kusaka ziguduli ndi jeke yodindira mabelo, ndipo foni amapita nayo. Wotchi unatiuza kuti tigule ija sitinagule, ndalama zake zinalowa ku ziguduli. Usakwiye, tikagulitsa fodya tigula. Nthochi nazo m'munda zatha.

Koma ukanawaona m'shedimo, Sellah. Akatola tsamba amalitambasula pabondo, kuliyang'ana kamodzi, n'kuliponya pamulu wake osacheuka. Amaimba nyimbo za kwaya. Chimwalirireni amayi sindinawaonepo chonchi.

Utiyankhe, timve kuti uli moyo.

Fainala

Kwa Wimbe
27 Epulo

Mlamu,

Moni. Ndine Lucious. Lero ndalemba ndekha pafoni, achemwali anu sakudziwa, chifukwa ndikawauza anena kuti ndikuneneza madala.

Kuno zinthu sizili bwino m'shedi. Sabata yonseyi apongozi akubweza fodya wouma bwinobwino, akuti akadali wachikasu, sanapse. Ndindi, timitolo ta masamba timene tamanga, akumasula, akuti tikapachikenso m'chigafa. Ndinatenga tsamba limodzi kutuluka nalo padzuwa, ndinati, "Bambo, taonani, ili ndi lofiira." Anandiyankha kuti, "Iwe maso ako ndi a chimanga, kasankhe zitsononkho." Aganyu anaseka. 

Si fodya yekha. Dzulo anakalipira achemwali anu kuti achapira malaya awo a kutchalitchi m'madzi a matope mpaka achita chikasu. Malayawo ali mbee, ndinawaona ndi maso angawa. Kudya sakudya. Akusanza, fodya wawalowanso monga mwa masiku onse. Nthawi zina amawodzera pamphasa tsamba lili m'manja, ukawadzutsa amayamba kukalipa.

Lole ya kalabu inyamuka Lachitatu kupita ku okushoni. Tikaiphonya tidikira mpaka ibwerenso, ndipo fodya akakhalitsa m'shedi muja amagwira chinyezi. Ntchito ya chaka chonse ili pamenepo, ya iwo, ya ine, ya achemwali anu.

Ine ndine mkamwini, pakhomo pano mawu anga ndi ochepa. Inu amakumverani. Auzeni apume, ine ndimalize kusankha ndi kudinda. Sindikufuna kuwachititsa manyazi pamaso pa aganyu.

Mlamu wanu,
Lucious

Limerick
28 Epulo

Alamu,

Moni, zikomo pondilembera. Ndawerenga nditangoweruka, ndatopa, mwina ndiyankha mosalongosoka.

Abambo anayamba kusankha fodya inu ndi ine tisanabadwe. Ngati akuti sanapse, ine ndili kuno ndinganene chiyani? Mwina m'maso mwayamba ng'ala, ukalamba umatero. Ndikabwera tidzawapimitsa. Koma kuti ndiwauze achoke m'shedi, pepani, sinditero. Munda ndinawalanda kale ndi kalata yanga. Chimene chawatsalira ndi chimenechi, ndipo achemwali akuti amaimba akamagwira.

Ndinene chimene chikundivuta, ngati ndalakwa mundikhululukire. N'chifukwa chiyani mwalemba achemwali osadziwa? Fodyayo ndi wa abambo, munda ndi wa malemu amayi athu. Sindikufuna kudzamva kuti mabelo apita ku okushoni mwini wake atakankhidwira pambali. Ndikudziwa kuti anakunyozani m'kalata ija ndipo zinakupwetekani, koma kubwezera kwake kusakhale kumeneku.

Za kusanzako azimwa madzi ambiri. Achemwali andilembere okha.

Sellah

Limerick
30 Epulo

Alamu,

Chonde werengani iyi msanga, ndipo achemwali amve lero lomwe. Ndaimba, simukuyankha.

Abambo asamwenso kapiritsi koyera. Apite kuchipatala lero, pamodzi ndi mankhwala onse ali m'nyumbamo.

Ndinali m'basi popita kuntchito pamene ndinadzifunsa kuti, mu Epulo ndani akuthyola fodya wonyowa? Fodya amasanzitsa ali wamuwisi, ali ndi mame. Wouma amangotsokomoletsa. Ndiye kusanzako si fodya. Ndipo si ng'ala. Kapiritsi kaja kakachuluka m'magazi, munthu amaona zinthu zonse zachikasu, chakudya chimamukana, amasanza, amawodzera. Kenako mtima umayamba kudumphadumpha, kapena kuchedwa mpaka kuima. Zimenezi ndimaziona kuntchito. Ndinazilembanso m'kalata yoyamba ija, ndi zomwe ndinachotsa poopa kuwaopseza.

Chimene sindikumvetsa n'chakuti kachuluka bwanji, poti mlingo wake sunasinthe. Kodi pali china chimene akumwa? Chifuwa chija anamwa chiyani? Funsani achemwali, ngakhale chikhale chaching'ono bwanji.

Inu munaona zoona ndipo munandifotokozera bwino lomwe. Ine ndinawerenga za mkangano m'malo mowerenga za wodwala. Mawu anga a Lolemba aja tidzakambirana, mudzandikalipire mmene mungafunire. Koma lero pezani njinga yamoto, apite.

Sellah

Limerick
1 Meyi

Alamu,

Ndikuona kuti mauthenga akufika koma simukutsegula. Mwina muli panjira ndi mabelo. Mwina mwakwiya, ndipo muli ndi chifukwa.

Ndayesa nambala ya akulu a mpingo, siikupezeka. Ya aphunzitsi a ana ndilibe. Ndazindikira lero kuti m'mudzi monse mmene ndinabadwira ndili ndi nambala ziwiri zokha.

Kudzera kwa anzanga a kusukulu ndapeza Consolata, amene ndinaphunzira naye unamwino. Akugwira ntchito pachipatala cha mishoni chomwe chija. Wavomera kupita kumudzi mawa m'mawa akaweruka. Pomulongosolera njira ndinalephera kukumbuka ngati pokhotera ndi pachigayo kapena pamjigo, ndiye ndamuuza azikafunsa dzina la achemwali.

Mukawerenga iyi iye asanafike, imbirani aliyense amene ali pafupi ndi kwathu. Mawu ake ndi ochepa: asamwe koyera, apite kuchipatala.

Sellah

Kuchipatala cha mishoni
3 Meyi

Sellah,

Ndikulemba pabenchi panja pa wodi ya amuna, a Consolata ajambula ndi foni yawo. Abambo ali moyo. Ndayamba ndi zimenezo kuti zotsalazi uwerenge mtima uli m'malo.

Alamu ako anadinda mabelo Lachiwiri abambo ali gone m'nyumba, Lachitatu ananyamuka ndi lole kupita ku okushoni ya ku Chinkhoma. Za makalata ako ine sindinadziwe kanthu. Dzulo m'mawa ndinangoona njinga yamoto yaima pabwalo, mayi wa yunifolomu akutsika, akufunsa ngati pa Fainala ndi pano. Kapiritsi ndinali nditawamwetsa kale. Ndi dzanja langali, Sellah, ndi phala.

A Consolata anawapeza abambo pamphasa. Anagwada, kuwapatsa moni, n'kugwira mkono, maso ali pa wotchi yawo ya pachifuwa.  Kenako anamvetsera pachifuwa ndi chipangizo chija.

"Bambo, diresi langali ndi la mtundu wanji?"

"Lachikasu. Masiku ano anamwino mukuvala ngati mukupita kumsonkhano wa chipani?"

Linali loyera.

Anandiitanira kuseri. Anati mtima ukugunda 38 ndipo ukudumpha. Anati ndibweretse mankhwala onse a m'nyumba, ngakhale a ana. Ndinawaika m'lichero. Anatola kajumbo ka mapiritsi apinki.

"Awa ndi a ndani?"

"A chifuwa. Amuna anga anawagulira pasitolo ya mankhwala, anawamvera chisoni ndi kutsokomola. Oyamba atatha chifuwa chisanathe, anakagulanso ena."

"Simunauzidwe kuti asamwe mankhwala ena?"

Ndinati tinauzidwa, koma ife tinkaganiza kuti ukunena azitsamba, kapena a mtima amtundu wina. A chifuwa aliyense amamwa nyengo ya fodya, ndani amafunsa? Sanandikalipire. Anati dzina lake ndi erythromycin, ndipo akakumana ndi kapiritsi koyera amakaunjika m'magazi. Kuwonjezera apo a madzi aja ndi kusanza, thupi lauma, impso zikulephera kukatulutsa.

Panjinga a Consolata anakana kuti abambo akwere, akuti angakomokere panjira. Anakwera pachulu kukaimba foni, ambulansi inafika masana. Abambo ankakana, akuti fodya wanga asankha ndani. Atamva kuti mabelo anapita kale anangoti, "Wachikasu uja? Akabweza." Ndiye analola kunyamulidwa.

Kuno anawamata timawaya pachifuwa, pepala linatuluka ndi mizere yokwera ndi yotsika, a Consolata ndi adokotala anayang'anizana. Awaika diripi, awatenga magazi. Akuti mchere unanena uja watsika kwambiri, akuwonjezera pang'onopang'ono. Madzulo mtima unatsikanso, anawabaya jakisoni, unakwera. Bedi lawo alisunthira pafupi ndi tebulo la anamwino, ndipo amabwera pafupipafupi kudzagwira mkono. Mapiritsi onse a kunyumba aletsa.

A Consolata akuti mankhwala enieni ochotsa ululuwu kumene uliko alipo, kuno kulibe. Akuti chatsala ndi kuulondera mtima mpaka thupi lichotse lokha, ndipo zimatenga masiku. Ndinafunsa ngati achira. Anati, "Lero ali bwino kuposa dzulo." Iwe amene umadziwa kayankhulidwe ka anamwino, zimenezo zikutanthauza chiyani?

M'mawa uno amwa tiyi osasanza. Anafunsa ngati wamva. Ndinati namwinoyu wamutuma ndiwe. Anati, "Ameneyo ndi wovuta ngati mayi ake." Mawa a Consolata akalowa uimbe, akufuna amve mawu ako.

Fainala

Kwa Wimbe
8 Meyi

Mlamu,

Za imfa munamva kale kwa a Consolata, ndiye sindibwereza zambiri. Tinaika dzulo, pafupi ndi amayi. Anthu anabwera ambiri, a kalabu ndiwo ananyamula bokosi. Achemwali anu akulephera kugwira cholembera, akuti adzalemba mtsogolo.

Ine ndinafika kuchipatala Lamlungu, inu mutangomaliza kuyankhula ndi abambo. Anandizindikira. Anafunsa za mabelo, ndinati adutsa onse, palibe lobwezedwa. Anati, "Ndiye unasankha bwino." Lolemba anakhala tsonga, anadya. Tinayamba kukamba zotuluka. Lachiwiri m'mawa achemwali anu akuwapukuta kumaso, anangogwetsa mutu, maso m'mwamba. Anamwino anathamanga, anatchinga makatani, anapopa pachifuwa mosinthanasinthana mpaka thukuta. A Consolata atatuluka anatiuza kuti mtima unasokonekera mwadzidzidzi, unkangonjenjemera osakankha magazi. Anayesetsa, ndinaona ndekha.

Mauthenga anu ndinawaona Lachitatu ndili pamwamba pa lole. Nditaona dzina lanu ndinati andinyozenso chiyani, n'kubweza foni m'thumba. Mukamaimba ndinkaiyang'ana ikulira. Ndinatsegula Loweruka. Mapiritsi apinki aja ndinagula ndine, ulendo woyamba ndi wachiwiri womwe.

Ndili ndi funso limodzi, ndipo musandinyengerere. Ndikanatsegula Lachitatu lija, akanakhala ndi moyo?

China ndi ichi. Azakhali a ku Kaomba, alongo awo a malemu abambo, miyendo yawo yayamba kutupa. Anaona mmene abambo anaphwera mu Januwale, ndiye apempha mapiritsi otsala kuti asawonongeke. Ena aja anatsala kuchipatala, koma paketi ya koyera yosatsegula taipeza m'thumba la jekete pokonza zovala. Achemwali anu avomera, akuti poti azakhali sakumwa a chifuwa palibe vuto. Abwerera kwawo Loweruka. Ine ndati tifunse kaye.

Lucious

Limerick
8 Meyi

Alamu,

Ndayankha pompano. Paketi imeneyo azakhali asapatsidwe, ngakhale piritsi limodzi. Miyendo imatupa pa zifukwa zambiri, ndipo kapiritsi kaja pa mtima umene sunapimidwe kakhoza kupha popanda a chifuwa. Itengeni muiike m'thumba mwanu, mukaipereke m'manja mwa Consolata. Azakhali mupite nawo limodzi akapimidwe asanabwerere ku Kaomba. Akakwiya, nenani kuti ndakana ndine. Achemwali musawakalipire, sanagone masiku ambiri.

Tsopano funso lanu. Kuntchito achibale a womwalira akandifunsa zotere ndimakhala ndi mawu okonzeka, ofewa, ndipo amapita kwawo atapepukidwa. Inu mwati ndisakunyengerereni.

Sindikudziwa. Mukanatsegula, sakanamwa Lachinayi ndi Lachisanu, ndipo akanafika kuchipatala msanga. Mwina zikanawapulumutsa. Mwinanso ululu unali utachuluka kale, ndipo mtima wawo unali wotopa kuyambira kale. Palibe dokotala amene angakuuzeni motsimikiza. Masiku amene inu munasunga foni m'thumba ndi ofanana ndi amene ine ndinakhala ndi kalata yanu osaimvetsa. Sindikunena izi kuti tigawane mlandu. Ndi mmene zinalili basi.

Zikomo powanyamula ndi kuwaika ine kulibe. Tchuthi andipatsa, ndifika mwezi uno usanathe.

Mukatenga paketiyo mundilembere kuti ili m'manja mwanu. Sindichoka pafoni mpaka ndimve.

Mlamu wanu,
Sellah